Ganizo Lotsogolera Kafukufuku: Zomwe Limaonetsa ndi Zomwe Limasiya

Wophunzira wa chaka chomaliza pasukulu yaukachenjede salephera kufunsidwa ndi mphunzitsi womuyang'anira kuti kodi kafukufuku wakeyo waima pa ganizo liti. Ganizo lotereli pa Chingerezi amalitcha theoretical framework. Ambiri amayankha potchula dzina la katswiri wina, kulemba ndime ziwiri za mbiri yake, kenako n'kuliiwala ganizolo mpaka pepala kutha. Nkhani ino ikufuna kuonetsa kuti ganizoli ndi lomwe limasankha funso loti wofufuza afunse, ndipo posankhapo limasiya mafunso ena osafunsidwa. Zitsanzo zachokera ku maphunziro a chitetezo cha makompyuta, a kaganizidwe ka munthu komanso a chiyankhulo.

Mu 1973, David Bell ndi Leonard LaPadula a ku bungwe la MITRE ku America analemba ndondomeko ya masamu yofotokoza tanthauzo la kompyuta yotetezeka. Ntchitoyi ankagwirira asilikali, ndipo nkhawa ya asilikali inali yakuti zinsinsi zisatuluke. Choncho iwo anaika munthu aliyense komanso fayilo iliyonse pa mlingo wake, kuyambira pa zosabisa kufikira pa zachinsinsi kwambiri. Atatero anakhazikitsa malamulo awiri akuluakulu. Loyamba likuti munthu asawerenge fayilo ya pa mlingo woposa wake, ndipo ili n'losavuta kumva. Lachiwiri ndi lomwe limadabwitsa: munthu amene ali pa mlingo wapamwamba asalembe chilichonse m'fayilo ya pa mlingo wotsika. Mkulu wa asilikali amene watsegula zachinsinsi sangalembe ngakhale moni m'fayilo yomwe kalaliki wamba amawerenga. Sikuti mkuluyo akukayikiridwa ayi. Pulogalamu imene iye akugwiritsa ntchito ikhoza kukhala ndi chinyengo mkati mwake, n'kumakopera zinsinsi kupita poti aliyense azione, mwini wake osadziwa. Lamulo lachiwirili limatsekera pulogalamu yotereyi khomo.

Tsono tione chimene malamulowa sachilabadira. Kalaliki uja saloledwa kuwerenga za pamwamba, koma palibe chomuletsa kulembamo. Akhoza kuika bodza m'fayilo yomwe iye sangathe n'kuiwerenga komwe, ndipo malinga ndi Bell ndi LaPadula kompyutayo ikadali yotetezeka popeza palibe chinsinsi chatuluka. Kubanki zotere sizingamveke. Banki imaopa kuti wina angaone ndalama zomwe zili mu akaunti ya mnzake, inde, koma imaopa kwambiri kuti wina angawonjezere ziro kumapeto kwa nambalayo. Mu 1977, Kenneth Biba anatembenuza malamulo aja kuti ateteze kudalirika kwa uthenga: munthu asalembe m'fayilo ya pamwamba pake, asatengenso uthenga wa m'fayilo ya pansi pake. Mu 1987, David Clark ndi David Wilson anatsindika zoti m'makampani ntchito imodzi, monga kulipira ndalama, izigawidwa kuti wolemba akhale wina, wovomereza wina. Ofufuza awiri atapatsidwa kompyuta imodzi, wina wotsatira Bell ndi LaPadula ndipo wina wotsatira Biba, akhoza kutsutsana pa zoti ndi yotetezeka, pamene palibe amene wanama.

Maganizo onsewa amaona munthu ngati dzina lokhala ndi chilolezo chakutichakuti. Zoti munthuyo amaiwala kapena kutopa mulibe. Mu 1999, Anne Adams ndi Angela Sasse a ku Britain anafunsa anthu ogwira ntchito za momwe amasungira mapasiwedi awo. Iwo anapeza kuti anthu okakamizidwa kukhala ndi mapasiwedi ambiri komanso kuwasintha pafupipafupi amangowalemba papepala kapena kusankha osavuta kuwalota. Lamulo lomwe pamasamu limaoneka lolimba linkafooketsa chitetezo chomwecho. Panapita zaka 18 kuti bungwe la boma la America loona za miyezo la NIST lilangize, mu 2017, kuti anthu asamakakamizidwe kusintha pasiwedi nthawi ndi nthawi popanda umboni woti yabedwa. Funso lomwe Adams ndi Sasse anafunsa linachokera ku maphunziro a kaganizidwe ka munthu, ndipo nakonso vuto lathuli liliko.

Jean Piaget wa ku Switzerland anaphunzitsa kuti nzeru za mwana zimakula podutsa m'magawo, ndipo mwana wosakwana zaka pafupifupi 7 sazindikira kuti kuchuluka kwa zinthu sikusintha zikangosintha maonekedwe. Umboni wake unali wotere: wofufuza amayala mizere iwiri ya timiyala tofanana chiwerengero, mwana n'kuvomera kuti ndi tofanana. Kenako wofufuzayo amatalikitsa mzere umodzi n'kufunsanso funso lomwe lija. Ana aang'ono ambiri amaloza mzere wautaliwo kuti ndiwo uli ndi timiyala tambiri. Kwa wotsatira Piaget, yankholi likuonetsa gawo lomwe nzeru za mwanayo zafika, basi. Mu 1974, James McGarrigle ndi Margaret Donaldson a ku Edinburgh anayang'ana zomwezi ngati kucheza kwa mwana ndi munthu wamkulu. Mkulu akasintha chinthu mwadala n'kubwereza funso lomwe layankhidwa kale, mwana angaganize kuti yankho loyamba lija silinamukomere. Ophunzira chiyankhulo sangadabwe nazo zimenezi, pakuti funso lobwerezedwa limanyamula uthenga wakewake. Ofufuzawa anakonza zoti chidole chosamvera ndicho chisokoneze mzerewo ngati mwangozi, ndipo ana ochuluka kuposa poyamba anayankha kuti timiyalato tikadali tofanana. Ena anadzatsutsa ponena kuti mwina chidolecho chinkangowacheutsa anawo mpaka osaona n'komwe kuti mzere wasintha. Mtsutsowu ngomveka, komabe ganizo la Piaget palokha silikanamupatsa munthu chifukwa chobweretsera chidole.

M'maphunziro athu a chiyankhulo chitsanzo chili pafupi. Taonani ziganizo izi: "Agalu anathamangitsa mbuzi" ndi "Agalu anazithamangitsa mbuzi". Kusukulu tinaphunzira kuti -zi- ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani. Mu 1987, Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, potsatira ganizo la Lexical-Functional Grammar, ananena kuti kachigawo kotereka ndi mlowam'malo amene walowa m'kati mwa mneni ndipo ndi iyeyo amene akugwira ntchito ya pamtherankhani. Dzina lakuti mbuzi likungokhala mutu wa zomwe zikukambidwa, n'chifukwa chake likhoza kusuntha: "Mbuzi agalu anazithamangitsa". Tikachotsa -zi-, dzinalo liyenera kutsatana ndi mneni. Ganizo lawolo limasiyanitsa malo omwe mawu ali m'chiganizo ndi ntchito yomwe akugwira, choncho linawalola kuona pamtherankhani m'kati mwa mneni.

Koma wophunzira amene akufuna kudziwa chifukwa chimene mwana amanenera kuti "Ndawaona aphunzitsi" pamene waona munthu mmodzi, kenako n'kunena kuti "Ndamuona" akakhala ndi anzake kuseri kwa kalasi, sapeza yankho lokwanira m'pepala la Bresnan ndi Mchombo. Funso lakelo ndi la ulemu, la yemwe akuyankhula ndi yemwe akumva. Angayambire pa buku la Penelope Brown ndi Stephen Levinson lonena za ulemu m'chiyankhulo, lomwe linatulukanso mu 1987, ngakhale kuti akatswiri ena a ziyankhulo za ku Japan ndi ku Africa analidzudzula kuti limaika munthu payekha patsogolo kuposa malo ake m'banja ndi m'mudzi.