Nkhope ya Wodwala Yochita Kupaka

Mu 2014, mayi wina wa ku America dzina lake Robin Mathews analandira mphoto ya Oscar, pamodzi ndi mnzake wokonza tsitsi Adruitha Lee, chifukwa cha luso lodwalitsa anthu abwinobwino. Mu filimu ya Dallas Buyers Club, yomwe inatuluka mu 2013, ntchito yake inali yopaka ochita sewero kuti azioneka ngati odwala Edzi a m'zaka za m'ma 1980. Ndalama zogulira zopakapaka anapatsidwa madola 250 okha. Pofuna kupanga tiziphuphu ndi khungu lofundukafunduka pankhope, anagwiritsa ntchito ufa wa chimanga ndi misere yake.

Matthew McConaughey ndi Jared Leto anali atadziwondetsa kale asanayambe kujambula. Koma poti zigawo za filimu sazijambula motsatana, tsiku limodzi lomwelo munthu ankafunika kuoneka wathanzi, kenako wodwala kwakayakaya, kenako wathanzi kachiwiri. Zambiri mwa zimenezi Mathews ankazichita ndi utoto.

Kodi amatani akatswiri oterewa? Amadetsa m'malo olowa ngati m'masaya, m'mbali mwa chipumi ndi kuzungulira maso, n'kuwalitsa pomwe pali mafupa kuti aoneke otuluka. Milomo amaituwitsa kuti ioneke youma. Thukuta la munthu wotentha thupi amalipanga ndi madzi osakaniza ndi glycerin. Zilonda ndi zotupa amaziumba ndi silicone kapena gelatin. Kuti zimenezi zitheke, amayamba aphunzira zithunzi za odwala enieni, chifukwa chomwe akupaka ndi zizindikiro zomwe dokotala amayang'ana.

Achipatala nawonso akhala akudalira luso lotere kuyambira kalekale. M'zaka za m'ma 1800, Joseph Towne anagwira ntchito zaka zoposa 50 pachipatala cha Guy's ku London, akuumba ndi phula ziwalo zooneka ngati zogwidwa ndi matenda apakhungu kuti ophunzira udokotala aziphunzirirapo. Lerolino luso limeneli, lotchedwa moulage, limathandiza pophunzitsa anamwino ndi opereka chithandizo choyamba. Munthu wabwinobwino amapakidwa mabala, ophunzira n'kumayeserera kumupulumutsa.

Koma pali vuto lomwe likutikhudza ife. Zizindikiro zambiri za m'mafilimu ndi m'mabuku a zachipatala zinajambulidwa pakhungu loyera: masaya ofiira, nkhope yoyererako, milomo yobiriwira. Malone Mukwende, wobadwira ku Zimbabwe, anaona mpata umenewu akuphunzira udokotala ku St George's ku London. Mu 2020, iye ndi aphunzitsi ake awiri anatulutsa kabuku kotchedwa Mind the Gap, kosonyeza mmene matenda amaonekera pakhungu lakuda.

Choncho mayi kapena bambo amene akudikira kuti mwana wake aoneke ngati wodwala wa mufilimu akhoza kuchedwa naye kuchipatala. Pakhungu lathu tiziyang'ana malo awa:

Kuchepa magazi: zikhatho, mkati mwa chikope cham'munsi, nkhama ndi lilime zimayera.

Chikasu: choyera cha m'diso chimasanduka chachikasu. Khanda likachita chikasu m'zikhatho ndi kumapazi, thamangani nalo tsiku lomwelo.

Kuchepa mpweya m'magazi: milomo, lilime ndi nkhama zimatuwa ngati phulusa.

Kutha madzi m'thupi: maso amalowa, liwombo la khanda limalowa, ndipo mukatsina khungu lapamimba limachedwa kubwerera.

Kutupa ndi totupatupa: m'malo mofiira, pamalopo pamada kwambiri kapena kutuwa. Gwirani ndi dzanja mumve ngati pakutentha.

Yang'anani zimenezi masana, panja kapena pafupi ndi zenera, chifukwa nyali ndi babu zimabisa mtundu weniweni.

Tisaiwalenso kuti matenda ena alibe nkhope yoti katswiri n'kupaka. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kachilombo ka HIV zimatha kukhala zaka m'thupi la munthu wonenepa bwino, wa nkhope yosalala. Ndiponso si aliyense wowonda amene ali ndi kachilomboka, ngakhale miseche ya m'mudzi imafulumira kugamula. Choona chimadziwika poyezetsa.

Wochita sewero akaweruka amasamba, matenda n'kutsalira m'beseni. Za mwana wanu sizichoka ndi sopo. Mukaona chimodzi mwa zizindikiro tatchulazi, musadikire kuti kuche kawiri musanafike naye kuchipatala.