Organic chemistry ya ku yunivesite sifuna kuloweza

Ana athu ochokera kwa Mphamba kuno ku Lundazi akafika chaka chachiwiri pa University of Zambia ku Lusaka kapena pa Copperbelt University ku Kitwe, ambiri amadandaula kuti organic chemistry yawavuta. Ine ndimati chimawapweteka n'chizolowezi choloweza. Ku sekondale ukaloweza mayina a mankhwala umakhoza mayeso. Ku yunivesite mphunzitsi amafuna umuonetse ndi timivi topindika kumene ma electron akuchokera, kumene akupita, ndi chifukwa chake.

Phunziroli limanena za zinthu zokhala ndi kaboni, ndipo zambiri timazigwira tsiku ndi tsiku. Feteleza wa urea amene timathira chimanga chikafika m'mawondo ali m'gulu lomweli. Mu 1828 Friedrich Wöhler wa ku Germany anapanga urea mu labotale, pa nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti zinthu zotere zimachokera m'thupi la chamoyo basi.

Taonani kachasu. Chimene chimaledzeretsa ndi ethanol, yokhala ndi makaboni awiri. Methanol ili ndi kaboni mmodzi, kusiyana kochepa kwambiri, koma chiwindi chimaisandutsa formaldehyde kenako formic acid, imene imawononga mtsempha wa maso mpaka munthu kuchita khungu. Wophunzira amene wamvetsa mmene zimenezi zimayendera sadzavutika ndi mutu wa oxidation, popeza kusandulika kumeneku ndi oxidation imene.

Choncho mwana wanga, tenga pensulo, tseka buku, ujambule mechanism iliyonse, kutanthauza mayendedwe a ma electron a timivi tija, wekha mpaka uilongosole kwa mnzako osayang'ana m'kope.