Masipika a Besi ndi Ampulifaya: Yambani Mwawerenga ma Ohm

Lero ndikutengerani kwa Nazombe m'boma la Phalombe, kumene ndidakhala nawo pa ukwati wina kufupi ndi Chiringa. Woimba zoimbira tsikulo adali mnyamata amene adagulitsa nandolo wake yense, napita ku Limbe kukagula ampulifaya ya m'galimoto ndi masipika awiri akuluakulu a besi, aja anyamata amati masabuwufa. Magetsi ankatenga ku batire ya galimoto yotchajidwa ndi sola. Mmawa wonse zinthu zidayenda bwino. Koma masana anthu atachuluka, eni ukwati adati mawu akuchepa, tsono iye adabwereka masipika ena awiri nawamangirira pa mawaya omwe aja. Sipadapite nthawi, tidamva fungo la chinthu chopserera, nyimbo nkuduka. Ampulifaya idapita, nandolo wa chaka chonse adapita nayo, ndipo ukwati udatha ndi ng'oma.

Ena adati adagula katundu wachabe, ena adanong'ona za anthu ansanje. Zonsezo ayi. Chidapha ampulifaya ndi masamu.

Sipika iliyonse imakaniza magetsi kudutsa mwa iyo, ndipo kukaniza kumeneku amisiri amakutcha impedance. Muyeso wake ndi ohm, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene mu 1827 adafotokoza mgwirizano wa mphamvu yokankha magetsi, kuchuluka kwa magetsi oyenda, ndi kukaniza kwa njira yake. Ife amene tidapyola ku koleji ya aphunzitsi timanyadira kuti munthuyu adachita kafukufuku wake ali mphunzitsi wa sukulu mumzinda wa Cologne. Lamulo lake nlapafupi: ma ohm akachepa, magetsi oyenda amachuluka.

Taganizani za thanki ya madzi. Mukaboola mpopi umodzi, madzi amatuluka pamlingo wake. Mukaboola wachiwiri pambali pake, amatuluka owirikiza, ndipo wotunga kuti thankiyo isaume ayenera kuthamanga kawiri. Ampulifaya ndiye wotungayo, ndipo kutopa kwake ndiko kutentha.

Tiyike manambala. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4. Tinene kuti ampulifaya ikutulutsa ma volt 20. Pa ma ohm 4 padzayenda ma amp 5, ndiye kuti ma watt 100. Pa ma ohm 2 padzayenda ma amp 10, ma watt 200. Pa ohm 1 sipika zidzafuna ma amp 20. Apa mpamene pali msampha, chifukwa poyamba mawu amakuladi, mwini wake nkumasangalala, pamene tizipangizo tam'kati tikuwotcha.

Njira zolumikizira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imene aliyense amachita mosaganiza: mawaya onse a chizindikiro chophatikiza pamodzi, onse a chizindikiro chochotsera pamodzi. Amisiri amati parallel. Imeneyi ndi ya mipopi iwiri ija, ndipo ma ohm amatsika. Ngati masipika ali ofanana, gawani ma ohm a imodzi ndi chiwerengero chake. Awiri a ma ohm 4 apereka 2. Anayi apereka 1. Ampulifaya ya mnyamata uja idalembedwa pansi pake kuti isatsikire pa ma ohm 2. Ndi masipika awiri idali pamalire penipeni. Ndi anayi idasenzetsedwa mtolo wowirikiza, padzuwa la masana, itaikidwa pa mphasa pomwe mphepo siyidutsa.

Njira yachiwiri ndi yondondozana, imene amati series. Waya wochokera ku chophatikiza cha ampulifaya ulowa ku chophatikiza cha sipika yoyamba. Chochotsera cha yoyambayo chipita ku chophatikiza cha yachiwiri. Chochotsera cha yachiwiri chibwerera ku ampulifaya. Magetsi adutsa pa zipata ziwiri motsatana, motero ma ohm amaphatikizidwa: 4 ndi 4 akhala 8. Ampulifaya imapepukidwa, koma mphamvu yotuluka imachepa.

Nanga akadatani ndi masipika anayi aja? Akadawamanga awiriawiri mondondozana, gulu lililonse nkukhala la ma ohm 8, kenaka nkulumikiza magulu awiriwo mwa parallel. Theka la 8 ndi 4. Ma watt akadatsika kuchoka pa 200 kufika pa 100, koma popeza masipika anayi oyandikana amakankha mpweya wambiri kuposa awiri, besi sikadasiyana kwenikweni, ndipo batire ikadakhalitsa. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yoyenera munthu woimba kumudzi, kutali ndi wokonza wailesi.

Chenjeraninso ndi ampulifaya ya njira ziwiri, ya kumanzere ndi kumanja, imene anyamata amakonda kuimanga pamodzi kuti ikankhe sipika imodzi. Amati bridge. Mukatero, mbali iliyonse imamva theka la ma ohm amene mwaikapo. Ampulifaya yololera ma ohm 2 pa mbali iliyonse ifuna ma ohm 4 mukaimanga chotero, osachepera apo. Ambiri amapsa nazo apa, chifukwa amawerenga nambala 2 pa bokosi osawerenga mawu otsatira.

Palinso masabuwufa okhala ndi makoyilo awiri, ndipo mudzawazindikira poona malo anayi omangapo waya. Koyilo iliyonse muiwerenge ngati sipika payokha. Ya makoyilo awiri a ma ohm 4 ikhoza kukhala ya 2 kapena ya 8, malinga ndi mmene mwaimangira.

Ngati zolemba kumbuyo kwa sipika zidafufutika, monga zimakhalira ndi za kaunjika, pemphani wokonza wailesi aiyeze ndi mita yake isadalumikizidwe kulikonse. Musadabwe mita ikaonetsa 3 ndi kadontho pa sipika ya ma ohm 4. Mita imayeza waya wa koyilo uli chete, ndipo nambala yake imakhala yotsikirapo nthawi zonse. Mukamaliza kumanga masipika onse, yezaninso pa nsonga ziwiri zopita ku ampulifaya.

Pofuna kudziwa mbali yophatikiza, tengani mwala umodzi wa tochi, mugunditse mawaya a sipika kamphindi chabe. Pepala la sipika likatumphira kunja, waya umene wakhudza kumutu kwa mwalawo ndiwo wophatikiza. Sipika imodzi ikatembenuzidwa, imakoka pamene inzake ikukankha, besi nkuzimirira, ndipo woimba amangowonjezera mawu mpaka koyilo kupsa.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kukula kwa waya wochokera ku batire, ndi chifukwa chake fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batireyo. Tsalani bwino.