Kufomata hard drive kuti igwire ntchito pa Windows, macOS ndi Linux

Kufomata hard drive ndi kuikonza kuti kompyuta izitha kulembapo ndi kuwerengapo mafayilo. Pofomata, pa disikiyo pamaikidwa dongosolo lotchedwa file system, lomwe limasunga dzina la fayilo iliyonse, kukula kwake ndi malo amene ili. Ntchitoyi imavuta pamene disiki ya m'kati mwa kompyuta ikufunika kuwerengedwa ndi ma operating system angapo, monga pa kompyuta yomwe ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, chifukwa operating system iliyonse ili ndi file system yakeyake.

Windows imagwiritsa ntchito NTFS, yomwe Microsoft idatulutsa mu 1993. Makompyuta a Apple adagwiritsa ntchito HFS+ kuyambira 1998 mpaka pomwe APFS idalowa m'malo mwake mu 2017. Ma Linux ambiri amabwera ndi ext4 ya mu 2008. Zitatuzi sizimvana kwenikweni. Windows payokha siwerenga ext4 kapena APFS, ndipo macOS imatha kutsegula mafayilo a pa NTFS koma silola kulembapo popanda pulogalamu yoonjezera. Linux ndiyo imayesetsa: yakhala ikulemba pa NTFS kudzera mu NTFS-3G, ndipo mu 2021 driver ina ya NTFS yochokera ku kampani ya Paragon Software idalowa mu Linux 5.15.

Kugawa disiki

Asanasankhe file system, wofomata amayamba wagawa disiki m'zigawo zotchedwa ma partition. Ndondomeko ya zigawozi imalembedwa mwa njira ya MBR kapena GPT. MBR ndi ya mu 1983, imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha, ndipo pa ma disiki ambiri siona malo opyola 2 TB. GPT ilibe malire amenewa, ndipo Windows, macOS ndi Linux za masiku ano zonse zimaiwerenga. MBR ikufunikabe pa makompyuta akale okha.

Njira yomwe anthu ambiri amatsata ndi yopatsa operating system iliyonse chigawo chake, chokhala ndi file system yake, kenako kusiya chigawo china chosungiramo zithunzi, nyimbo ndi zolemba zoti mbali zonse zizigwiritsa ntchito. Funso lenileni limakhala pa chigawo chogawanachi.

FAT32, exFAT kapena NTFS

FAT32 idabwera mu 1996 ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chimaiwerenga. Chofooka chake n'chakuti silandira fayilo yofika 4 GB. Kanema mmodzi wamkulu amakanika kulowa ngakhale disiki itakhala yopanda kanthu, zomwe zimasokoneza anthu ambiri amene amaganiza kuti malo atha.

exFAT idapangidwa ndi Microsoft mu 2006 pofuna kuchotsa malire amenewa. macOS idayamba kuiwerenga ndi kuilemba mu 2010. Ku Linux idachedwa chifukwa cha nkhani za umwini, mpaka mu 2019 pomwe Microsoft idasindikiza poyera kapangidwe kake. Lero ma operating system onse atatuwa amalembapo mafayilo akuluakulu popanda kuonjezera pulogalamu ina, n'chifukwa chake imatchulidwa kwambiri.

Komabe exFAT idapangidwira ma flash ndi ma memory card, osati disiki yogwira ntchito tsiku lonse m'kati mwa kompyuta. Ilibe journal, komwe ndi kaundula amene NTFS ndi ext4 zimalembamo zomwe zikufuna kusintha zisanasinthe. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba, file system yokhala ndi journal imaona pomwe idalekezera n'kudzikonza ikayaka. Pa exFAT ndondomeko ya mafayilo ikhoza kuonongeka, foda yonse n'kusowa. Laputopu imatetezedwa ndi batire, koma kwa desktop yopanda UPS m'dera lomwe magetsi amathimathima, ichi si chinthu chaching'ono. exFAT sisunganso zilolezo zonena amene angatsegule fayilo.

Choncho ngati ogawana disiki ndi Windows ndi Linux okha, NTFS ndiyo yabwino. exFAT imakhala yoyenera pokhapokha macOS ikafunika kulembapo.

Mavuto odziwika

Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012 pali njira yotchedwa Fast Startup, yomwe imapangitsa kuti kompyuta ikazimitsidwa isazime kwathunthu. Windows imasiya zigawo za NTFS ngati zikugwirabe ntchito, ndipo Linux ikazipeza chonchi imakana kulembapo pofuna kuteteza mafayilo. Ambiri amayesa kuti disiki yafa, pomwe chofunika ndi kungozimitsa Fast Startup mu Windows.

Choopsa kwambiri ndi uthenga womwe Windows imatha kuonetsa ikakumana ndi chigawo chomwe sikuchidziwa, monga cha ext4. Imanena kuti disikiyo ifomatidwe kaye isanagwiritsidwe ntchito. Munthu akavomera, zomwe adasunga kudzera mu Linux zimasowa nthawi yomweyo.

Mayina a mafayilo nawo amasiyana malamulo. Pa ext4, "Chithunzi.jpg" ndi "chithunzi.jpg" ndi mafayilo awiri, pomwe Windows imawaona ngati dzina limodzi. Windows imakananso zizindikiro monga ? ndi * m'dzina la fayilo.

Zida zofomatira

Mu Windows muli Disk Management ndi diskpart, mu macOS muli Disk Utility, ndipo ku Linux ambiri amagwiritsa ntchito GParted kapena lamulo la mkfs. Operating system singafomate chigawo chomwe ikuyenderapo, choncho ntchito yotereyi imachitika poyatsa kompyuta kuchokera pa flash. Ndi bwino kufomata NTFS kuchokera mu Windows momwemo.

Kufomata kulikonse kumasowetsa zomwe zinali pa chigawocho, kotero mafayilo ofunika amayenera kukopedwa kaye kwina. Quick format pa hard drive imangolemba kaundula watsopano, ndipo zambiri zakale zimatha kubwezedwa ndi mapulogalamu apadera malinga ngati pamalopo sipanalembedwe zina. Full format, kuyambira pa Windows Vista, imalemba ma ziro pa chigawo chonse, ndipo pa disiki yaikulu imatenga maola angapo.