Njira yomwe foni imadutsa munthu akaimba, ndi zomwe zimaidula

Mlimi wa ku Mchinji akaimbira foni wogula soya ku Lilongwe, mawu ake salunjika ku foni ya wogulayo. Amayamba afika pa nsanja yomwe ili pafupi, kenaka amayenda pa zingwe za faiba, kapena kudzera pa mbale zozungulira zomwe zimaoneka pamwamba pa nsanja, mpaka kukafika ku makina akuluakulu a kampani omwe akatswiri amawatcha switch. Makinawa amagwira ntchito yomwe kale inkagwiridwa ndi anthu a ku positi ofesi, omwe ankalumikiza oimba foni ndi manja.

Chinthu choyamba chomwe makinawa amachita ndi kuwerenga manambala oyambirira. Nambala yoyamba ndi 088 imadziwika kuti ndi ya TNM, yoyamba ndi 099 ndi ya Airtel, ndipo yoyamba ndi chizindikiro cha + imaonetsa dziko lomwe foniyo ikupita. Ngati woimbiridwa ali pa kampani yomweyo, makina amayang'ana m'kaundula wake kuti aone dera lomwe foni yake inaonekera komaliza, n'kutumiza uthenga ku nsanja za kumeneko kuti iitane. Ngati ali pa kampani ina, foniyo imaperekedwa ku makina a kampaniyo kudzera pa njira yomwe makampaniwo anagwirizana, motsatira malamulo omwe bungwe la MACRA limayang'anira. Zonsezi zimachitika woimba asanamve kuitana koyamba.

Makina sasankha njira mwa nzeru zawo. Amatsata ndondomeko yomwe mainjiniya analembamo, yonena kuti nambala yoyamba motere idutse kwakuti, ndipo kukadzaza kapena kukaduka idzere kwina. Pakalakwika nambala imodzi yokha m'ndondomekoyi, anthu ambirimbiri akhoza kumamva kuti nambala yomwe aimba kulibe, chonsecho mwini wake ali nayo foni m'thumba. Ndi chifukwa chake kusintha kulikonse kumayamba kwayesedwa, ndipo nthawi zambiri kumachitika pakati pa usiku, oimba ali ochepa, ndondomeko yakale itasungidwa kuti ibwezeretsedwe zinthu zikavuta. Ntchito yotere inakula kwambiri mu 2009, pamene manambala a foni zam'manja anatalikitsidwa: oyamba ndi 08 anakhala 0888, oyamba ndi 09 anakhala 0999.

Komabe mavuto ambiri omwe anthu amakumana nawo sachokera m'makinamo. Nsanja imadalira magetsi, ndipo akazima imayendera mabatire, sola kapena jenereta. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima nthawi yaitali, ndipo pa nyengo yotere batire ndi dizilo ndi zomwe zimasunga netiweki. Munthu woba batire pa nsanja, kapena wodula chingwe cha faiba poganiza kuti muli kopa (mulibe, mkati mwake ndi timaulusi ta galasi tosagulitsika), amadula midzi yonse yozungulira. Foni yoitanira ambulansi siituluka, ndalama za pa foni siziyenda, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana siipezeka. Ngakhale njira yachiwiri ikhalepo, imanyamula katundu wa njira ziwiri, choncho mafoni amadukaduka.

Unduna ukukumbutsa anthu onse kuti kuononga kapena kuba zipangizozi ndi mlandu. Alimi omwe minda yawo ili m'mbali mwa msewu, omanga nyumba ndi okumba ngalande ayambe afunsa akaona timiyala kapena zikwangwani zosonyeza podutsa chingwe, ndipo osayatsa moto wa tchire pafupi ndi nsanja. Woona anthu okayikitsa pa malo otere adziwitse apolisi kapena amfumu.

Amalonda omwe amapita ku Chipata, Tete kapena Johannesburg akulangizidwa kusunga manambala a kumudzi moyamba ndi +265, n'kuchotsa 0 woyambirira. Nambala yosungidwa motere imagwira ntchito kunja ndi kuno komwe.