MWANA WOLUMALA AKAFIKA KU SEKONDALE

Tsiku lina mayi wina adatifunsa funso lomwe lidatikhala pamtima. Mwana wake wamkazi, wosaona chibadwire, adali atakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo adasankhidwa kupita ku Folomu 1. Mayiyo adati: "Aphunzitsi, ku pulayimale ndidalola poti kudali pafupi. Nanga uku akukatani? Si bwino angokhala pakhomo pano?"

Funso lotere lili m'mitima ya makolo ambiri, ngakhale kuti si onse amalitulutsa. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 5 kapena kuposera apo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wina wake. Pano tikunena za achinyamata amene ulumali wawo ndi waukulu: osaona konse, osamva konse, ndi amene mutu wawo umagwira zinthu mochedwa kwambiri. Kodi ana otere amaphunzitsidwa bwanji akafika pa msinkhu wa sekondale?

KUMENE ZIDAYAMBIRA

Ntchitoyi si yachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1950 amishoni adatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Pambuyo pake kudabwera sukulu za ana osamva monga Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Aphunzitsi ambiri a ana otere adaphunzira ntchito yawo ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu.

Ku sekondale zinthu zimayenda mosiyanako. Kawirikawiri mwana wolumala amalowa m'kalasi limodzi ndi anzake, koma pa sukulu zina pali chipinda chapadera chotchedwa resource room. M'menemo mumakhala mphunzitsi wodziwa za ulumali pamodzi ndi zipangizo zake.

NTCHITO YA M'CHIPINDA CHAPADERA

Tiyambe ndi mwana wosaona. Iye amawerenga ndi nsonga za zala zilembo za Braille, zomwe zimapangidwa ndi timadontho totukuka tosapitirira 6 pa chilembo chilichonse. Polemba amaboola pepala lolimba ndi kachitsulo kosongoka, kapena amagwiritsa ntchito makina a Perkins. Tsono mphunzitsi wa Biology kapena History nthawi zambiri sadziwa Braille. Choncho mphunzitsi wa m'chipinda chapadera amatenga manotsi n'kuwalemba m'Braille kuti mwana awerenge. Mwana akalemba mayeso, mphunzitsi yemweyo amalembanso mayankho aja m'zilembo wamba kuti mwini phunziro achonge. Ndi ntchito yobwereza kawiri. Chithunzi cha mtima kapena mapu a Nyanja ya Malawi amachipanga pomata ulusi, mchenga kapena timbewu pa pepala, kuti zala zione chimene maso sakuona.

Mwana wosamva ali ndi phiri lake. Ku sekondale maphunziro ali m'Chingerezi, chinenero chomwe iye sadamvepo mawu ake. Amadalira chinenero cha manja ndi nkhope ya mphunzitsi. Mphunzitsi akamayankhula atayang'ana ku bolodi, phunziro lonse lamudutsa mwanayo. Mawu ena a sayansi alibe chizindikiro chodziwika ndi onse, motero mphunzitsi ndi ana amayamba agwirizana chizindikiro chake phunziro lisadayambe. Mtanthauziramawu woyamba wa chinenero cha manja cha m'Malawi adatuluka mu 2021, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD ndilo lidatsogolera ntchitoyo.

AMENE AMAGWIRA ZINTHU MOCHEDWA

Gulu lachitatu ndilo limaiwalika kwambiri. Ena adabadwa movutikira, ena adadwala malungo a mu ubongo ali aang'ono ndipo adatsala ndi khunyu kapena mutu wochedwa. Mnyamata wa zaka 17 akhoza kukhala wamkulu thupi koma osatha kuwerenga dzina lake. Kwa iye mayeso a MSCE mwina sangatheke, komabe izi sizitanthauza kuti palibe choti aphunzire.

Mphunzitsi waluso amakhala pansi ndi makolo n'kulemba zolinga zochepa za mwana ameneyo payekha. Kenaka ntchito iliyonse amaiduladula. Kugula sopo pa golosale kuli ndi magawo ake: kuzindikira ndalama, kutchula chomwe ukufuna, kupereka ndalama, kudikira chenji, kuiwerenga. Gawo limodzi likhoza kutenga masabata angapo. Poyamba mphunzitsi amamugwira dzanja, kenaka amangomukumbutsa ndi mawu, pomaliza amaima patali n'kumangoyang'ana. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata amene wadziwa kusamba yekha, kuthirira dimba la masamba ndi kukwera minibasi osasochera wapeza chinthu chomwe chidzamusunge makolo ake atapita.

Pa msinkhu umenewu palinso nkhani ya kutha msinkhu. Mtsikana wosamva kapena wochedwa mutu ayenera kuphunzitsidwa momveka za kusamalira thupi lake, za kukana wofuna kumugwira, ndiponso munthu woti akamuuze zikachitika. Anthu oipa amasankha dala mwana amene akuganiza kuti sangaulule.

MAVUTO ALIPO

Tisabise mawu. Aphunzitsi apadera ndi ochepa, makalasi ndi odzaza, mapepala a Braille amasowa, ndipo makina a Perkins akaonongeka okonza sapezeka pafupi. Sukulu zambiri zili ndi masitepe ndi zimbudzi zomwe njinga ya olumala singalowe. Lamulo loteteza anthu olumala lidakhazikitsidwa mu 2012, ndipo lina latsopano lidalowa m'malo mwake mu 2024, koma lamulo palokha silimanga chimbudzi. Apa pafunika makomiti a sukulu, mafumu ndi mabungwe athu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

MBALI YATHU IFE MAKOLO

Mphunzitsi amakhala ndi mwana maola ochepa, nthawi yotsalayo ali ndi ife. Tikaonane ndi mphunzitsi wake temu iliyonse, timve chomwe akuphunzira, tikachibwereze kunyumba. Ngati mwana ndi wosamva, banja lonse liphunzireko chinenero cha manja, asamadye nsima ngati mlendo pakhomo pa makolo ake. Tisamuchitire chilichonse chifukwa cha chisoni. Chimene angathe, achite yekha ngakhale achedwe. Ndipo tisiye kumutchula ndi ulumali wake. Ali ndi dzina.

Mayi uja tidamulangiza kuti ayambe wapita yekha ku sukuluko, akaone chipinda chapadera, malo ogona atsikana ndi mphunzitsi amene adzayang'anire mwana wake. Adapitadi, ndipo temu itatsegulidwa adamuperekeza mtsikanayo atamusenzera chikwama. Insha Allah, tidzamuonanso akubwerako ndi satifiketi.