Ulalo wa Zingwe wa ku Sumata

M'mapiri a chigawo cha Shizuoka, m'dziko la Japan, muli mtsinje wotchedwa Sumata, umene umathira m'mtsinje wa Oi. M'chaka cha 1938 anthu anatsiriza kumanga damu la Oma kuti madzi a mtsinjewu apange magetsi, ndipo madziwo anadzaza chigwa nasanduka nyanja yaing'ono. Pamwamba pa nyanjayi pali ulalo wa zingwe zachitsulo umene eni dziko amautcha Yume no Tsuribashi, ndiko kunena kuti ulalo wa maloto.

Utali wake ndi mamita 90, ndipo walenjekeka mamita 8 pamwamba pa madzi. Popondapo pali matabwa awiri okha ogonekedwa mogundana, kotero kuti woyenda amaona madzi kumanzere ndi kumanja kwa mapazi ake. Lamulo la pamenepo nlakuti asakwerepo anthu oposa 10 nthawi imodzi.

Ulalo wotere ulibe mzati pakati. Kulemera kwa munthu kumachoka pa matabwa kupita ku zingwe, ndipo zingwezo zimakoka pamene zazikidwa kutsidya lino ndi kutsidya lija. Tsono mphamvu yonse ya ulalowo ili pa zingwe ndi pa maziko awiriwo. Mlendo akaona zingwe zitagoba pakati amayesa kuti zatopa, koma amisiri amazisiya choncho dala. Pakuti chingwe chikakungika kwambiri chimakoka maziko ake mwamphamvu yoposa, ngakhale katundu wake akhale yemweyo. Kugobako ndiko kumapeputsa maziko.

Lamulo la anthu 10 lili ndi chifukwa chake. Munthu aliyense wokwerapo amaonjezera kukoka kwa zingwe, ndiponso anthu ambiri akaponda pamodzimodzi ulalo wopepuka umayamba kupendeka uku ndi uku, kufikira woyenda alephera kuima. Wonyozera lamuloli amaika pangozi moyo wa anzake onse ali pa ulalopo.

Mphunzitsi angathe kuonetsa zimenezi popanda buku. Ana awiri agwire nsonga za chingwe, wina amangirire mwala pakati pake. Chingwecho chikagoba, anawo adzanyamula mwalawo mosavuta. Koma akayesa kuchiwongola, manja ao adzalema msanga, ndipo sichidzawongoka kotheratu. Pamenepo mphunzitsi awafunse chimene chalemera, popeza mwala sunasinthe, ndipo awasiye apeze okha yankho.